Kusankha dera lokhala mu Lilongwe: ulendo wa kuntchito ndi anthu amene mudzakhale nawo

Munthu akamafuna nyumba ya lendi mu Lilongwe, funso lake loyamba limakhala lakuti "ndi zingati pamwezi?" Kenako amafunsa za zipinda, madzi, magetsi, ngati nyumbayo ili mumpanda, ndiponso ngati alandilodi amakhala pomwepo. Onsewa ndi mafunso oyenera. Koma anthu amene amasamukanso chaka chisanathe, kawirikawiri sakhala akuthawa denga lodontha. Ena amathawa ulendo wa m'mawa uliwonse umene wawatopetsa ndi kuwathera ndalama, ena amathawa kusungulumwa. Zinthu ziwirizi sizioneka tsiku lokaona nyumba, makamaka mukapita Loweruka masana pamsewu pali phee, dobadoba n'kumakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano.

Kuti timvetse chifukwa chimene ulendo umavutira chonchi mumzinda uno, tiyenera kuona mmene unamangidwira. Boma la Kamuzu Banda litaganiza zochotsa likulu ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Okonza mapulani sanafune mzinda wothithikana. Anamwaza zinthu mwadala: malonda anatsala ku Old Town, maofesi a boma anapita ku Capital Hill ndi City Centre, mafakitale ndi okushoni ya fodya ku Kanengo, ndipo bwalo la ndege linakamangidwa kutali kumpoto, pafupi ndi Lumbadzi. Pakati pa malo amenewa anasiyapo nkhalango, madambo ndi tchire. Ndiye mu Lilongwe mulibe malo amodzi amene munganene kuti "ndikakhala pafupi ndi apa ndiye kuti ndili pafupi ndi chilichonse." Wogwira ntchito ku Kanengo ndi wogulitsa pamsewu wa Malangalanga ku Old Town ali mumzinda umodzi, koma dera labwino kwa mmodzi ndi chilango kwa mnzakeyo.

Mapulani omwewo anagawanso malo okhala potengera thumba la munthu. Mapuloti akuluakulu a ku Area 10, 11, 12 ndi 43 ali pafupi ndi maofesi, pomwe madera a anthu ambiri anakankhidwira kumbali. Mapeto ake, amene ali ndi magalimoto ndi amene amakhala pafupi ndi ntchito, ndipo odalira minibasi ndi amene amayenda ulendo wautali. Apa m'pamene panachokera madera ngati Kauma, Mtandire, Mgona ndi Senti. Anthu anamanga pamene akanatha kupita kuntchito wapansi: a ku Kauma kulowera ku Area 12 ndi City Centre, a ku Mtandire ku Area 47, a ku Mgona ndi Senti ku Kanengo. Iwowa anawerengera kalekale zimene ambiri ogwira ntchito m'maofesi amazindikira atalipira kale lendi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, pomwe mu 2008 anali asanafike 700,000. Anthu akuchuluka mwachangu chotere, misewu ikuluikulu ndi yomwe ija yowerengeka.

Mlendo mumzinda uno asanyengedwe ndi manambala a madera. Anaperekedwa potsata nthawi imene dera linakhazikitsidwa, osati malo amene lili. Area 24 ili kummwera, Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo, ndipo pakati pake pali mzinda wonse.

Tsopano tiwerengere ulendo. Ambiri amafunsa kuti "ndi makilomita angati?" koma kwa munthu wokwera minibasi funso lenileni n'lakuti "ndikwera kangati?" Minibasi zambiri za mu Lilongwe zimayambira ndi kuthera m'tauni, kudepoti ndi masiteji oizungulira. Ngati nyumba yanu ndi ntchito yanu zili pamsewu umodzi wa minibasi, mumakwera kamodzi. Ngati sizili choncho, mumayamba mwalowa m'tauni, kutsika, kuyenda pang'ono pakati pa oyitanira ndi mavenda, n'kukweranso ina. Mwezi uli ndi masiku antchito pafupifupi 22. Wokwera minibasi imodzi amalipira maulendo 44 pamwezi. Wokwera ziwiri amalipira 88. Ngati nyumba ili kutali ndi siteji moti m'mawa ndi madzulo pamafunika kabaza, maulendo afika 132. Choncho nyumba yotchipa ya kutali ija imakhala yotchipadi pokhapokha ngati ndalama imene mwapulumutsa pa lendi ikuposa mtengo wa maulendo owonjezerawo. Tengani pepala, funsani mitengo ya lero pasiteji, muchulukitse. Ngati m'nyumbamo ogwira ntchito muli awiri, ndiye pali ana opita kusukulu, werengerani aliyense payekha.

Pali china chimene pepalalo silingakuonetseni msanga. Lendi ndi ndalama yokhazikika: mumagwirizana ndi alandilodi, ndipo ngakhale atakhala okonda kukweza, amakuchenjezani kaye. Mtengo wa minibasi ulibe pangano. Umakwera mvula ikagwa, umakwera madzulo anthu akachuluka pasiteji, umakwera mafuta akasowa ndipo minibasi theka zili pamzere kumalo omwetsera mafuta. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta anakwera patangopita masiku ochepa, makondakitala nawo sanachedwe kukweza. Wokhala pafupi ndi ntchito anamva kuwawa pang'ono, mwinanso anayamba kuyenda wapansi. Wa minibasi ziwiri analibe kothawira. Munthu amene wasankha lendi yotsika ndi ulendo wautali wachotsa ndalama yake pamalo pamene amadziwa mtengo, n'kuiika pamalo pamene mtengo amauuzidwa ali kale pakhomo la minibasi.

Nthawi nayo ndi ndalama ina. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo ikanyamuka imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ola limodzi popita ndi lina pobwera ndi maola 44 pamwezi, kuposa sabata yathunthu ya ntchito. Maola amenewa sachotsedwa kuntchito, poti abwana amafuna mufike nthawi yake. Amachotsedwa ku tulo, ku ana, ku kwaya, ku sukulu ya madzulo imene mumati mudzayamba. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndiye woweruka 5 koloko amene akwere minibasi ziwiri amakafika kunyumba kuli mdima bii. Kwa mayi kapena mtsikana, kanjira kochoka pasiteji kukafika pakhomo ndi nkhani yaikulu kuposa matailosi a m'nyumbamo. Kodi pali magetsi? Pali anthu ogulitsa m'mbali mwake mpaka usiku, kapena mumadutsa pamunda wa chimanga ndi nyumba zosatha?

Ndiye pali mtsinje. Mtsinje wa Lilongwe unadula Old Town pakati, ndipo milatho yoolokera ndi yochepa. Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Area 22, 23, 24 ndi 36 ali tsidya limodzi ndi msika waukulu ndi depoti. Area 3, Area 9, Chinsapo, Area 47, 49, 18 ndi 25 ali tsidya lina, pamodzi ndi City Centre ndi Kanengo. Aliyense wooloka m'mawa ndi madzulo amaudziwa mdipiti wa magalimoto wa pamlatho wa m'tauni. Zaka zapitazi boma lakulitsa misewu ingapo: wa Kenyatta, wa Mzimba, M1 kuchoka pa Crossroads kukafika ku Kanengo, kuwonjezera pa msewu wodutsana pamwamba wa pa Area 18 ndi msewu wolambalala mzinda wa kumadzulo umene umapatutsa magalimoto akuluakulu. Mlatho wa m'tauni nawo anaukonzera ntchito youkulitsa ndi thandizo la dziko la Japan. Zonsezi zathandiza, makamaka kwa oyendetsa galimoto zawo. Komabe ine ndikanati ndilangize munthu mwachidule, ndikanati: ngati mungathe, gonani tsidya limene mumagwirako ntchito. Wa ku Kanengo ayang'ane Area 25, Area 49 kapena Area 18 asanaganize za kwina. Wa bizinesi mumsika waukulu ayambire ku Mchesi, Biwi, Falls ndi Kawale. Wa ku Capital Hill ali ndi mwayi wosankha mbali zingapo, koma afunse kaye ngati pali minibasi kapena Sienta (galimoto yaing'ono yonyamula anthu) yofika ku City Centre osadzera kudepoti, ndiponso kuti imasiya kuyenda nthawi yanji.

Amene ali ndi galimoto asadzione ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Msewu wafumbi wa makilomita awiri wopita kunyumba yokongola umadya matayala ndi mashoko mwakachetechete, ndipo mu January ukhoza kukukakamizani kusiya galimoto kwa anzanu kufupi ndi tala. Mafuta akasowa, galimoto imagona pamzere ndipo mwini wake amabwerera pasiteji ngati wina aliyense.

Za mvula ndinenenso ichi. Nyumba imene mwaiona mu September simunaione yonse. Mu 2017 madzi osefukira anagwetsa nyumba ku Mtandire m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, komanso ku Kaliyeka ndi madera oyandikana nawo. Nyumba ya pafupi ndi dambo kapena mtsinje imakhala yotsika mtengo pachifukwa. Yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyontho, ndipo funsani oyandikana nawo kuti mvula ikagwa madzi amadzera pati.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi imene anthu amaipeputsa, ndipo ndi imene ndikufuna tikhalitsepo. Tikamanena za kucheza, ena amangoganiza za zisangalalo: malo omwera mowa a pa Bwandilo Lachisanu usiku, mpira pa Bingu National Stadium kapena pa Silver Stadium, kukayendayenda pa Gateway Mall. Zimenezo zilipo, ndipo wachinyamata amene amazikonda aziwerengere moona mtima, chifukwa usiku minibasi kulibe, chotsala ndi takisi kapena njinga yamoto, ndipo kubwerera kutali usiku kumadula komanso kuli ndi ngozi zake. Koma kwa ambiri a ife kucheza si zimenezo zokha. Ndi mphakati kapena mlaga wa pakati pa sabata. Ndi kwaya, ndi Swala ya Lachisanu kumzikiti. Ndi banki m'khonde imene imakumana Lamlungu masana, ndi chipereganyu, ndi zinkhoswe, ndi kugona pa siwa. M'tauni, kumene abale enieni ali kumudzi, magulu amenewa ndiwo abale. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, amene amadzuka n'kuliza galimoto kupita nanu kuchipatala cha Kamuzu Central kapena ku Bwaila ndi munthu amene mumapemphera naye kapena amene mumapatsana moni pageti. Maliro akagwa m'nyumba ya lendi, amene amabweretsa nkhuni, mapoto ndi mipando ndi anthu a m'dera, ndipo amabwera mofulumira kwa munthu amene iwonso anamuonapo pa maliro a ena.

Apa madera amasiyana kwambiri. M'madera a mipanda italiitali ngati Area 43, Area 10 kapena mbali zina za Area 47 muli bata, ndipo munthu amagona tulo. Koma mukhoza kutha zaka ziwiri osadziwa dzina la wokhala kuseri kwa khoma, mukungodziwana ndi alonda. Anthu a kumeneko amacheza ndithu, koma kucheza kwawo kumafuna galimoto ndi kupangana pafoni. Wopanda galimoto akakhala m'kanyumba ka kuseri m'dera lotere amakhala pafupi ndi ntchito koma kutali ndi chilichonse: msika uli kutali, minibasi ndi zochepa, tomato amagula wodula, ndipo Lamlungu limatalika.

Ku Kawale, Chilinde, Area 23, Chinsapo kapena ku Nsungwi ku Area 25 zinthu ndi zina. Mukatuluka pakhomo, pali wogulitsa makala, pali okazinga tchipisi, pali ometa, pali chigayo, pali mayi wa mandasi amene pakatha sabata imodzi amakhala akudziwa kale kuti mwana wanu ndi uti. Ndiwo za madzulo mumagula mukutsika minibasi. Munthu sasowa wolankhula naye. Mtengo wake ulipo: phokoso la mabala ndi la mapemphero a usiku, zopereka za maliro ndi maukwati zimene sizitha, alendo osapangana, wobwereka mchere lero mawa ndalama, ndiponso nkhani zanu kudziwika mwachangu. Ena moyo umenewu umawapatsa mphamvu, ena umawafoola. Palibe cholakwa ndi mtundu uliwonse, koma munthu adzidziwe yekha asanalipire. Madera ngati Area 18, Area 49 ku Gulliver ndi Area 15, kumene kuli nyumba zambiri za Malawi Housing Corporation, ali pakatikati, ndipo n'chifukwa chake nyumba za kumeneko sizikhalitsa zopanda munthu.

Vuto limene ndaliona kawirikawiri ndi la madera atsopano a kunja kwa mzinda: ku Airwing ndi Njewa panjira ya ku Mchinji, cha ku Six Miles ndi msewu wa ku Bunda, ku Chigwirizano, kapena kulowera ku Lumbadzi. Nyumba za kumeneko ndi zatsopano, zazikulu, zamatailosi ndi siling'i, ndipo mtengo wake umakopa. Banja limasamuka mokondwa. Koma chimene chimasamuka ndi katundu yekha. Mpingo watsala ku Kawale, banki m'khonde ya amayi yatsala ku Biwi, anzawo a abambo ali ku Area 25, ana akadali pasukulu yakale chifukwa ali mu Sitandade 8 ndipo sangasinthe pakati pa chaka. Ndiye kuwonjezera pa maulendo a kuntchito, Loweruka ndi Lamlungu nawonso asanduka masiku okwera minibasi. Poyamba amapirira. Kenako amayamba kujomba ku mlaga, kenako kukwaya, kenako amangomva pa WhatsApp kuti uje anamwalira ndipo anaika kale. Kumene asamukirako sanazike mizu, poti amachoka kusanache n'kubwera kutada, ndipo oyandikana nawo ambiri ndi mapuloti amene eni ake akumangabe. Amakhala ngati mbatata yozulidwa imene sanaiokenso.

Sindikunena kuti madera amenewa ndi oipa. Kwa amene akumanga yakeyake, kapena amene ntchito yake ili mbali yomweyo, monga wa ku Chitedze, wa ku Bunda kapena wa kubwalo la ndege, ndi malo abwino zedi. Koma wosamukira kumeneko asamuke ndi mtima wonse. Atenge kalata ya mpingo akaipereke kumene wafikako. Akadzionetse kwa amfumu kapena kwa abulokulida sabata yoyamba, osadikira kuti vuto limutengere kumeneko. Maliro oyamba akagwa m'deralo apite, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Ngati akudziwa mumtima kuti sangasiyane ndi anthu ake akale, ndiye asapite kutali nawo kuposa minibasi imodzi.

Nanga zikakokana, ntchito ili kumpoto anthu anu ali kummwera, mutsate ziti? Maganizo anga ndi akuti kwa munthu wosakwatira kapena banja lopanda ana aang'ono, ntchito ipambane. Kuntchito mumapita masiku 22 pamwezi, kwa anzanu ndi kutchalitchi mwina masiku 8. Ulendo wautali wa Lamlungu masana, pamsewu popanda mdipiti, ndi wopiririka kusiyana ndi wa Lolemba m'mawa. Ndiponso munthu wofika kunyumba dzuwa likadalipo amakhala ndi mphamvu zopezera anzake atsopano, pomwe wofika 8 koloko usiku sacheza ndi aliyense ngakhale abale ake atakhala khomo loyandikana.

Koma pali nthawi zimene ndingalangize zosiyana. Mayi amene akulera yekha ana aang'ono, banja limene lili ndi wodwala wofuna kumuyang'anira, kapena wogwira ntchito ya mashifiti ngati namwino, amafunika munthu wodalirika pafupi kuposa mmene amafunikira ulendo waufupi. Kukhala pafupi ndi achemwali kapena apongozi amene angalandire mwana akaweruka kusukulu n'chinthu chimene ndalama ya minibasi singagule. Winanso ndi amene ntchito yake ndi ya kontilakiti yaifupi, kapena ya nyengo ngati ya fodya ku Kanengo, kapena wamaganyu amene lero ali uku mawa uko. Ameneyu asamangirire moyo wake ku ofesi imene mwina chaka chamawa sadzakhalako. Ndi bwino akhale pamene angafike kudepoti mosavuta, chifukwa kuchokera pamenepo mbali iliyonse ya mzinda ndi minibasi imodzi.

Banja limene onse awiri amagwira ntchito mbali zosiyana limakonda kusankha malo a pakati kuti pasakhale wodandaula. Nthawi zambiri zimenezi zimangochititsa kuti onse awiri azifika mochedwa. Kuli bwino mmodzi akhale pafupi kwenikweni, makamaka amene amathamangira kusukulu mwana akadwala, ndipo mukambirane poyera kuti winayo amene akuyenda ulendo wautali apepukidwe pa ntchito ziti za pakhomo.

Alandilodi ambiri mu Lilongwe amafuna lendi ya miyezi itatu musanalowe, dobadoba nayenso amafuna yake, ndiye pali galimoto yosamutsira katundu. Mukalakwitsa, kukonza kwake kumadula. Choncho musanapereke ndalama, yendani ulendowo tsiku lantchito. Mukaime pasiteji ya kumeneko 6 koloko m'mawa, muone kutalika kwa mzere wa anthu ndi mmene minibasi zikufikira, zodzaza kale kapena zampata, ndipo mukwere mpaka kuntchito mukuyang'ana wotchi. Mubwererenso madzulo kutada, muyende wapansi kuchoka pasiteji kukafika pageti. Za madzi musafunse mwini nyumba. Funsani mayi amene akuchapa pafupi kapena wogulitsa pakiyosiki kuti pampopi madzi amatuluka masiku angati pasabata ndiponso nthawi yanji, chifukwa m'madera ena amabwera usiku okhaokha, ndipo wodzuka 2 koloko kukatunga ndi yemwe uja adzuke 5 koloko kuthamangira minibasi. Ngati mita ya magetsi ndi yogawana, funsani kuti mayunitsi amagula motani ndipo akatha pakati pa mwezi amatani. Mufunsenso kuti amene anatuluka m'nyumbamo anakhalamo nthawi yaitali bwanji, ndipo anasamukira kuti.